Kodi Zinalembedwa? Phunziro la Ufulu Wosankha Kuchokera m'Sewero la Macbeth



Pamaliro, kuchipatala ngakhale pabwalo la milandu timamva mawu akuti, "Zinalembedwa, palibe akanaziletsa." Nthawi zina mawuwa ndi oona, ndipo amatonthoza mtima wosweka. Koma nthawi zina munthu amangobisalamo. Wina wamenya mkazi wake, wina wadya ndalama za gulu, wina wakhetsa magazi a mbale wake, kenako n'kunena kuti ndi Satana, ndi tsoka la kumtundu, kapena kuti mlosi anali atanena kale.

Phunziro lathu la lero likufunsa kuti: m'moyo wa munthu, ndi ziti zimene zinaikidwiratu, nanga ndi ziti zimene Mulungu anazisiya m'manja mwathu? Tiyang'ana sewero lakale lotchedwa Macbeth, limene ena mwa ife tinakumana nalo kusekondale, ndipo tiliunika ndi ziphunzitso za Bahá'u'lláh ndi 'Abdu'l-Bahá. Tiwerenge mosinthana, aliyense gawo lake, ndipo pamapeto tikambirane mafunso.

1. Sewerolo ndi mwini wake

Seweroli analilemba ndi William Shakespeare wa ku England, amene anabadwa mu 1564 n'kumwalira mu 1616. Analilemba cha m'ma 1606, ndipo linasindikizidwa koyamba mu 1623. Nkhaniyo anaitenga m'buku la mbiri la Raphael Holinshed, koma anaisintha m'malo angapo. Macbeth weniweni analamulira Scotland kuyambira mu 1040 mpaka mu 1057, ndipo Mfumu Duncan imene iye analowa m'malo mwake inafera kunkhondo. M'seweromu Duncan akuphedwa ali m'tulo, ali mlendo m'nyumba ya womupha. Shakespeare anafuna kuti mlanduwo uoneke poyera, wopanda pobisala.

Nthawi imeneyo anthu ankaopa ufiti kwambiri. Mfumu James, imene inkalamulira Scotland n'kudzalowanso ufumu wa England mu 1603, inali italemba buku lonena za ufiti mu 1597, ndipo anthu ambiri anazunzidwa ndi kuphedwa m'dziko lake powaganizira kuti ndi afiti. Choncho anthu oyamba kuonera seweroli sankaona nkhani ya afiti ngati nthabwala. Komabe tikaliwerenga mofatsa, tipeza kuti mlembiyo mlandu waukulu anauika mumtima mwa munthu.

2. Nkhani yake mwachidule

Macbeth anali nduna ya dera la Glamis, msilikali wolimba mtima, komanso wachibale wa Mfumu Duncan. Tsiku lina akuchokera kunkhondo imene anapambana, iye ndi mnzake Banquo anakumana ndi afiti atatu aakazi. Afitiwo anamulonjera monga nduna ya Glamis, nduna ya Cawdor, ndiponso amene adzakhale mfumu. Banquo anamuuza kuti iye sadzakhala mfumu, koma mafumu adzatuluka mwa ana ake.

Pasanapite nthawi amithenga anafika ndi uthenga wakuti mfumu yamupatsa Macbeth unduna wa Cawdor. Ulosi umodzi utakwaniritsidwa chomwecho, mtima wake unayamba kuthamangira wotsalawo. Duncan atabwera kudzagona kunyumba kwake ku Inverness, Macbeth, molimbikitsidwa ndi mkazi wake, anamupha usiku, mlandu n'kuukankhira kwa alonda. Ana a mfumu, Malcolm ndi Donalbain, anathawa, wina ku England wina ku Ireland, ndipo Macbeth analongedwa ufumu.

Mpando anaupeza, koma tulo analibe. Pokumbukira zimene afiti ananena za ana a Banquo, analemba ganyu zigawenga kuti ziphe Banquo ndi mwana wake Fleance. Banquo anaphedwa, mwanayo anapulumuka. Apa Macbeth ananyamuka yekha kukafuna afiti aja. Anamuchenjeza za nduna ina, Macduff, koma anamuuzanso kuti palibe wobadwa mwa mkazi amene angamupweteke, ndiponso kuti sadzagonja kufikira nkhalango ya Birnam itabwera kuphiri la Dunsinane. Atamva kuti Macduff wathawira ku England, anatumiza anthu kukapha mkazi wake ndi ana ake.

Mapeto ake tikuwadziwa. Mkazi wa Macbeth anayamba kuyenda ali m'tulo, akusamba m'manja magazi amene ena sankawaona, ndipo anamwalira. Asilikali a Malcolm atafika ku Birnam anadula nthambi n'kuzinyamula kuti adani asadziwe kuchuluka kwawo, nkhalango n'kuoneka ngati ikuyenda. Macduff anaulula kuti iye anachita kutulutsidwa m'mimba mwa mayi ake nthawi isanakwane. Macbeth anaphedwa, Malcolm n'kukhala mfumu.

3. Kudziwiratu sikuchititsa

Munthu wowerenga mothamanga angati, "Mwaonatu, zonse zimene afiti ananena zinachitika. Macbeth akanatani?" Tiyeni tibwerere pa mawu a afitiwo. Iwo ananena kuti adzakhala mfumu. Za kupha sananene kanthu, za mpeni sanatchule, za usiku umene Duncan adzagone ku Inverness sanauze munthu. Ganizo la kupha linatumphuka mwa Macbeth mwini, nthawi yomweyo, mpaka iye anachita nalo mantha. Anafika ponena mumtima kuti ngati ufumuwo ndi wake, ungathe kumupeza iye osachitapo kanthu. Njira yodikira ankaidziwa, koma anaisiya.

'Abdu'l-Bahá anafotokoza nkhani imeneyi m'zokambirana zimene anali nazo ku 'Akká pakati pa 1904 ndi 1906, poyankha mafunso a mayi wina wa ku America, Laura Clifford Barney. Zokambiranazo zinasindikizidwa kukhala buku mu 1908. Anaphunzitsa kuti kudziwiratu chinthu si kumene kumachititsa chinthucho. Tonse tikudziwa usiku uno kuti mawa dzuwa lituluka, koma kudziwa kwathuko sindiko kulitulutsa. Akatswiri a zakuthambo amawerengera n'kunena tsiku limene kudzakhale kadamsana, koma kadamsanayo sachitika chifukwa cha kunena kwawo. Chimodzimodzinso Mulungu: Iye amadziwa zakale, zalero ndi zam'tsogolo, koma kudziwa Kwake sikumukakamiza munthu kuchita choipa.

Ngati kudziwa kwa Mulungu Mwini zonse sikumanga manja a munthu, nanga mawu a wolosera wa pamphambano angawamange bwanji?

4. Zoikidwiratu zili mitundu iwiri

Apa tisalumphire mbali ina n'kumati zonse zili m'manja mwathu. Palibe anasankha makolo ake, dziko lobadwira, kapena kuti asadzakalambe. 'Abdu'l-Bahá anatchula tulo, matenda, kutha kwa mphamvu ndi imfa monga zina mwa zinthu zimene munthu amazilandira mosafuna, ndipo sadzafunsidwa mlandu chifukwa cha izo. Koma chilungamo ndi nkhanza, zabwino ndi zoipa, izi zinaikidwa m'manja mwake, ndipo adzayankhapo.

Anaphunzitsanso kuti choikidwiratu chili pawiri, ndipo anapereka chitsanzo cha nyali. Nyali ikayatsidwa, n'zosapeweka kuti mafuta akadzatha idzazima. Ichi ndi choikidwiratu chosasinthika. Koma nyali yomweyo ingathe kuzima mafuta akadalimo, chifukwa cha mphepo. Ichi ndi choikidwiratu choyembekezera, chimene nzeru ndi kusamala zingachipewe. Mayi amene amatseka zenera mphepo ikayamba, kapena kutchinga nyali ndi dzanja potuluka panja, sakulimbana ndi Mulungu. Akugwiritsa ntchito nzeru imene Mulunguyo anamupatsa. Bahá'u'lláh nayenso anaphunzitsa kuti chosasinthikacho tichilandire modzipereka ndi mokhulupirira, pamene choyembekezeracho pemphero ndi kudandaulira Mulungu zingachibweze.

Tsopano tiyese nkhani yathu ndi muyeso umenewu. Kuti Duncan adzamwalira tsiku lina, zimenezo zinali mafuta a m'nyali. Koma usiku uja ku Inverness nyali yake inali ikadali ndi mafuta, ndipo mphepo imene inaizimitsa inali dzanja la munthu. Ana a Macduff sanafe chifukwa nthawi yawo inakwana. Anafa chifukwa munthu wina wamantha ndi waukali analamula. Kutcha imfa zoterezi "chifuniro cha Mulungu" ndi kumunamizira Mulungu.

Onaninso kusokonezeka kwa maganizo a Macbeth. Ngati ulosi unali wosalephereka, panalibe chifukwa chophera Duncan, popeza ufumu ukanabwera wokha. Ngati unali wotheka kuusintha, panalibe chifukwa choudalira. Iye mbali yomukomera anaitenga ngati chilolezo, mbali yonena za ana a Banquo n'kuyesa kuifafaniza ndi magazi. Apa zikuonekeratu kuti chimene ankatsatira chinali chilakolako chake, ulosiwo unangokhala chofunda.

5. Mphepo ndi chiwongolero

Tingafunse kuti, "Ngati mphamvu zonse zimachokera kwa Mulungu, kodi mphamvu imene wakupha amanyamulira mpeni sichokeranso kwa Iye?" 'Abdu'l-Bahá anayankha ndi chitsanzo cha ngalawa. Popanda mphepo kapena injini ngalawa siyenda. Koma kumene ilowere, kum'mawa kapena kumadzulo, kumadalira kumene chiwongolero chapotokera. Moyo, mpweya ndi nyonga ndi thandizo lochokera kwa Mulungu, ndipo likachotsedwa munthu sangachite chabwino kapena choipa. Koma chiwongolero chili m'dzanja la munthu.

Anthu awiri anaima pamalo amodzi n'kumva afiti omwewo. Banquo anachenjeza mnzake kuti mphamvu za mdima zimatha kumuuza munthu zoona m'tinthu tating'ono kuti zimugwetse m'zazikulu. Nayenso maganizo oipa ankamubwerera usiku, koma anapempha thandizo lakumwamba kuti amuchoke. Macbeth maganizo omwewo anawalera. Mphepo inali imodzi, ngalawa zinalowera kosiyana. Komabe Banquo tisamuyeretse kwambiri: atayamba kumukayikira Macbeth kuti ndiye anapha mfumu, anakhala chete, akuganizira lonjezo la ana ake. Kukhala chete nakonso ndi kusankha.

Malo ofunika kwambiri m'seweroli ali kumapeto kwa gawo loyamba. Mfumu ikudya, Macbeth anatuluka n'kuyamba kudziwerengera zifukwa zosaphera. Duncan ndi mbale wake. Ndi mfumu yake. Ndi mlendo wake, amene iye ayenera kumutsekera chitseko kuti wachiwembu asalowe. Ndi mfumu yofatsa imene imfa yake idzaliritsa dziko. Anavomera kuti chomukankha chilipo chimodzi chokha, kufuna ukulu. Anafika pouza mkazi wake kuti nkhaniyi ithere pomwepo. Munthu womangidwa ndi tsoka sayeza zifukwa chotere. Chimene chinamugwetsa ndi chipongwe cha mkazi wake, amene anamufunsa ngati alidi mwamuna. Anaopa kutchedwa wamantha kuposa kukhala wakupha.

Ziphunzitso zathu zimati choipa ndi kusowa kwa chabwino, monga mdima uli kusowa kwa kuwala, ndipo zimati mawu akuti Satana amanena za khalidwe lotsika la munthu, mtima wodzikonda umene umangofuna zake. Afiti a m'seweroli anangogogoda pachitseko. Anatsegula ndi mwini nyumba.

6. Tingasiyanitse bwanji mawu a Mulungu ndi mawu onyenga?

Ife timakhulupirira uneneri woona. Ndiye m'pofunika kudziwa kusiyana kwake ndi kulosera kwa afiti aja.

Choyamba, uneneri woona umaitanira munthu kukulapa. Yona analalikira kuti mzinda wa Nineve uwonongedwa pakatha masiku 40. Anthu analapa, kuyambira mfumu mpaka wamng'ono, ndipo mzindawo unapulumuka. Chenjezolo linabwera kuti tsokalo lisachitike. M'nthawi yathu ino, Bahá'u'lláh ali mkaidi ku 'Akká analembera Napoleon III, mfumu ya France, kumuchenjeza kuti ufumu wake udzamuchoka chifukwa cha zochita zake, ndipo m'kalata yomweyo anamuitana kuti adzuke atsate njira yowongoka. Mfumuyo sinamvere. Mu 1870 inagonja kunkhondo ku Sedan, ndipo inamwalira mu 1873 ili kudziko la eni, ku England. Khomo linali lotsegula kwa onse awiri, Nineve ndi Napoleon. Wina analowa, wina anakana. Koma afiti aja sanamuitanire Macbeth kuchilungamo ngakhale kamodzi. Anamulonjeza mpando, kenako anamulonjeza chitetezo. Paja amati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Chachiwiri, mawu amafuna mtima woyera powamva. Macbeth atamva za nkhalango yoyenda ndi za wosabadwa mwa mkazi, sanafunse kawiri. Anawamasulira mogwirizana ndi zofuna zake, n'kugona tulo ta chitetezo chabodza. M'buku la Kitáb-i-Íqán, limene Bahá'u'lláh analemba ku Baghdad cha m'ma 1862 poyankha mafunso a amalume ake a Báb, timaphunzira kuti ngakhale maulosi oyera anthu amapunthwa nawo akawamva ndi makutu a zofuna zawo. Mibadwo yambiri inadikira kuona ndi maso nyenyezi zikugwa ndi dzuwa likuda, kapena mfumu yokhala ndi lupanga, ndipo Wolonjezedwayo atabwera modzichepetsa inamukana. N'chifukwa chake wofunafuna choonadi amauzidwa kuti ayambe watsuka mtima wake, kuti chikondi kapena chidani zisamusocheretse.

7. Nanga ife?

Macbeth ndi wa ku Scotland, koma mayesero ake tikuwadziwa. Alipo amene amapita kwa olosera kuti akamve za chuma kapena udindo, n'kubwerako ndi "zofunika kuchita." M'dziko mwathu muno abale ndi alongo athu achialubino aphedwa chifukwa wina anakhulupirira bodza lakuti ziwalo zawo zimalemeretsa. Agogo okalamba amenyedwa, ena kuphedwa kumene, chifukwa wina analoza chala kuti ndiwo alodza mwana. Pa zonsezi, wolosera ananena mawu, koma amene ananyamula chikwanje ndi munthu amene akanatha kukana.

Palinso mtundu wina wa ulosi umene timaunena m'nyumba zathu osazindikira. "Iwe sudzaphula kanthu." "Kwathu kuno atsikana safika patali ndi sukulu." "Mowa ndi wa kumtundu, bambo ako analinso choncho." Mwana akamva mawu otere tsiku ndi tsiku, amasiya chiwongolero. Bahá'u'lláh anafanizira munthu ndi mgodi wodzaza ndi miyala yamtengo wapatali, imene maphunziro okha ndiwo angaitulutse. Mphunzitsi wa kalasi ya ana kapena wotsogolera gulu la achinyamata achisodzera ali pantchito yobwezera chiwongolero m'manja mwa mwana.

Pa nkhani ya ukulu, dongosolo lathu limatiteteza ku matenda a Macbeth. Posankha anthu 9 a Bungwe Lauzimu chaka chilichonse pa nyengo ya Riḍván, palibe woima kuti "ndisankheni," palibe kutchula maina, palibe kukopa anthu. Aliyense amapemphera n'kulemba mwachinsinsi. Udindo ndi utumiki umene umamupeza munthu. Koma dongosolo lokha silichiritsa mtima. Munthu angathe kukhala chete pakamwa mumtima akusirira mpando. Akuluakulu anati sunga khosi, mkanda uoneka.

8. Kodi njira yobwerera ilipo?

Atangopha Duncan, Macbeth anauza mkazi wake kuti anamva anthu awiri akupemphera m'chipinda china, ndipo iye analephera kuvomereza kuti ameni, mawuwo anamutsamwa pakhosi. Imeneyo inali belu ya chikumbumtima. Akanatha kuima pamenepo. Pambuyo pa imfa ya Banquo anaganiza kuti walowa kale patali m'magazi, moti kubwerera n'kovuta mofanana ndi kupitirira. Ili ndilo bodza lomaliza la tsoka, lakuti nthawi yolapa yatha. Chifukwa cholikhulupirira, mayi ndi ana osalakwa anafa ku Fife. Pamapeto pake, atamva za imfa ya mkazi wake, moyo wonse anauona ngati phokoso lopanda tanthauzo. Choipa chitsata mwini.

Ife taphunzitsidwa kuti chifundo cha Mulungu n'chachikulu kuposa zolakwa zathu, ndipo kuti wolakwa apemphe chikhululukiro kwa Mulungu mwini, osati kuulula machimo kwa munthu mnzake. Taphunzitsidwanso kudziwerengera zochita zathu tsiku lililonse, tisanaitanidwe kukayankha. Munthu amene madzulo alionse amadzifunsa kuti, "Lero chiwongolero ndinachipotozera kuti?" amagwira ganizo loipa likadali laling'ono, lisanafike pampeni. Ndipo amene walakwa kale angathe kuima lero, kubweza chimene anatenga, kupepesa amene anamulakwira, ndi kulandira chilango choyenera. Zadzulo sizisinthika. Zamawa zikudikira chimene tisankhe.

Choncho tisanene kuti zonse zinalembedwa, ndipo tisanene kuti zonse zili m'mphamvu yathu. Zimene sitingasinthe tizilandire ndi mtima wodalira Mulungu. Zimene tingapewe tizipewe ndi pemphero, nzeru ndi kufunsana. Zimene zili zosankha zathu tizisenze tokha, osazikankhira kwa afiti, kwa makolo kapena kwa Mulungu.

Mafunso okambirana

1. Tchulani zinthu zitatu m'moyo wanu zimene zili ngati mafuta a m'nyali, ndi zitatu zimene zili ngati mphepo yotheka kuitchinga.

2. Fotokozani m'mawu anuanu chifukwa chake kudziwiratu kwa Mulungu sikuchotsa ufulu wa munthu wosankha.

3. Macbeth anasintha maganizo chifukwa choopa kunyozedwa. Ndi mawu otani amene amakankhira achinyamata a m'dera lathu kuchita zimene mitima yawo ikukana?

4. Banquo sanaphe, koma anakhala chete. Kodi tingachite chiyani, mwanzeru ndi mwachikondi, tikamva kuti wokalamba wina m'mudzi mwathu akunenedwa za ufiti?

5. Mnzanu wabwera n'kukuuzani kuti wolosera wamuuza kuti mbale wake ndiye akumutsekera mwayi. Mungacheze naye bwanji popanda kumunyoza?

6. Mayi wina wataya mwana ndipo akuti, "Zinalembedwa." Kodi ndi nthawi iti pamene mawuwa ayenera kungolandiridwa mwachifundo, nanga ndi nthawi iti pamene mudzi uyenera kufunsa ngati imfa yotere ingapewedwe m'tsogolo?

Ntchito ya sabata ino

Aliyense asankhe mwana kapena wachinyamata mmodzi amene anthu anamuweruza kale kuti sadzaphula kanthu. Mumuyendere, mumve zimene amalakalaka, ndipo mumuuze khalidwe labwino limodzi limene mwaliona mwa iye. Tikadzakumananso tidzauzane zimene taphunzira, osatchula maina. Titseke ndi pemphero lopempha chitsogozo.